PHUNZIRO 23: MALIKIYA NDI CHIPATA CHA KUDZALA

Kuwerenga: Nehemiya 3:1-15, Levitiko 6:8-11, Yohane 6:1-13.

Vesi loloweza pamtima: Akolose 3:23.

Cholinga: Ana adziwe kuti pa ntchito zonse zosamala malo amene Mulungu anatipatsa palibe yonyozeka, ndiponso kuti iwo eni akonze dzala la pa sukulu yao likhale malo oti munthu angafikepo wopanda manyazi.

Zobwera nazo: Baibulo, dengu limodzi la zinyalala zouma zimene mwatola nokha pa sukulu, madengu ena anayi opanda kanthu, beseni la madzi, ndi sopo kapena phulusa.

MAU KWA MPHUNZITSI

Aphunzitsi okondedwa, phunziro ili likusiyana pang'ono ndi anzake a m'buku lino, pakuti silithera m'kalasi. Liyamba ndi Baibulo tsiku Lamulungu, ndipo litsirizika ndi khasu Loweruka lotsatira. Chifukwa chake muliwerenge kukali masabata awiri, kuti mupeze nthawi yokambirana ndi akulu a mpingo ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu.

Ambiri a inu, kuno ku Mtengowanthenga ndi m'midzi ya kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mumaphunzitsa Sande Sukulu m'chipinda cha sukulu ya pulaimale, kapena pansi pa mtengo wa pa bwalo lake. Zimenezi si zachilendo. Pamene Abusa A.C. Murray ndi Abusa T.C.B. Vlok anamanga misasa yao pa Mvera m'chaka cha 1889, ndiponso pamene mishoni ya Kongwe inayamba m'chaka cha 1894, sukulu ya m'mudzi ndi nyumba ya mapemphero zinali denga limodzi. Pakati pa sabata ana ankaphunziramo kuwerenga, Lamulungu makolo ao ankapembedzamo. Tsono bwalo la sukulu si la boma lokha kapena la komiti yokha. Ifenso timalipondaponda, ndipo tili ndi mangawa pa ilo.

Musanapitirire kuwerenga, nyamukani mupite kuseri kwa sukulu mukaone dzala. Musatume mwana, pitani nokha. Muone pamene dzenje lili, ngati lilipo. Muone kumene mphepo yafikitsa mapepala ndi majumbo. Muone ngati ana amafika pa dzenje penipeni, kapena amaima patali ndi kuponya zinyalala nkuthawa. Mununkhizenso. Zimene mukaone kumeneko ndizo mau anu oyamba a phunziro.

KUFOTOKOZA MALEMBO

1. Mkulu amene anakonza chipata chonyozeka

Nehemiya anali wopereka chikho wa mfumu Aritasasta ya ku Perisiya. M'chaka cha 20 cha mfumuyo, chimene ndi pafupifupi zaka 445 Ambuye Yesu asanabadwe, iye analoledwa kupita ku Yerusalemu kukamanganso linga limene linagwetsedwa. Atafika anatuluka usiku kukazonda malingawo, ndipo pa Nehemiya 2:13 tikuona kuti pakati pa malo oyamba amene anapitako panali Chipata cha Kudzala. Dzina lake likutiuza ntchito yake. Mzinda uliwonse uli ndi phulusa, ndowe ndi zoswekasweka, ndipo zimenezi ziyenera kukhala ndi potulukira.

Mutu 3 ndi mndandanda wa maina, ndipo aphunzitsi ambiri amaudumpha poganiza kuti ana atopa nawo. Musaudumphe. Taonani m'mene ntchito inagawidwira. Mkulu wa ansembe Eliyasibu ndi anzake anamanga Chipata cha Nkhosa. Osula golidi ndi opanga zonunkhira anasiya ntchito zao nagwira miyala. Salumu anamanga pamodzi ndi ana ake aakazi. Koma pa vesi 5 pali mau omvetsa chisoni: anthu wamba a ku Tekowa anagwira ntchito, pamene akuluakulu ao anakana kuwerama.

Tsono tifika pa vesi 14. Amene anakonza Chipata cha Kudzala ndi Malikiya mwana wa Rekabu. Iyeyu sanali kapolo, kapena munthu wogwidwa ndi mlandu. Anali wolamulira dera la Betehakeremu, munthu amene kuno tikanati ndi mfumu ya ndodo. Anachimanga, naika zitseko zake ndi zotsekera zake monga momwe ena anachitira pa zipata zotchuka. Sanati, ndi kudzala komwe, tingoikapo minga. Ndipo Mulungu anasunga dzina lake m'Buku lake kufikira lero.

Linga lonse linatha m'masiku 52. Pa tsiku lolipereka kwa Mulungu, Nehemiya anagawa oyimba m'magulu awiri, ndipo pa Nehemiya 12:31 tikuwerenga kuti gulu lina linayenda pamwamba pa linga kulowera ku Chipata cha Kudzala. Nyimbo zoyamika zinamveka pamwamba pa malo otulukira zinyalala. Mfundo imeneyi muisunge kufikira kumapeto, ana adzaikonda.

2. Wansembe ndi phulusa

Pa Levitiko 6:10-11 Mulungu analamula za phulusa la pa guwa la nsembe. Woliola anali wansembe mwini wake, atavala zovala zake za bafuta. Akaliunjika pambali pa guwa ankavula zovalazo, nkuvala zina, nkulinyamula kupita nalo kunja kwa chigono. Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzizindikira. Choyamba, kutaya phulusa kunali gawo la utumiki wa wansembe, wosasiyana ndi kupereka nsembe. Chachiwiri, malo otayako phulusawo anayenera kukhala oyera. Ife timaganiza kuti dzala liyenera kukhala lauve chifukwa ndi dzala. Chilamulo cha Mose sichinaganize motero. Onaninso Deuteronomo 23:12-14, pamene Aisrayeli analamulidwa kukhala ndi malo apadera kunja kwa chigono ndi chokumbira chokwirira nacho zonyansa, chifukwa Yehova ankayenda pakati pao.

3. Mitanga 12

Nkhani ya pa Yohane 6 ana amaidziwa: mnyamata wa mikate 5 ya barele ndi tinsomba 2, ndi amuna ngati 5,000 amene anadya nakhuta. Koma kawirikawiri timalekeza pa kukhutapo. Pitirizani kufikira vesi 12 ndi 13. Iye amene anali ndi mphamvu yochulukitsa mkate nthawi iliyonse anauza ophunzira ake kuti atole makombo, pasaonongeke kanthu. Anadzaza mitanga 12. Otola sanali ana, kapena amai, koma atumwi amene. Khamu lija litabalalika, udzu wa pa phiri paja unatsala wosaipitsidwa. Funsani mumtima mwanu: kodi bwalo la tchalitchi chathu limaoneka bwanji msonkhano wa chitsitsimutso ukatha?

DZALA LA MAKOLO NDI DZALA LA LERO

Makolo athu sanali osadziwa za dzala. Kuseri kwa nyumba iliyonse ankatayako phulusa, makoko a maungu, zitsononkho, zitosi za nkhuku ndi zosesa za pa bwalo. Zonsezo zinali zoola. Mvula ikagwa, pa dzala pomwepo pankamera nkhwani wonenepa, tomato ndi bonongwe wosadzala munthu. Dzala la agogo linali munda waung'ono.

Lero zinthu zasintha pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kuchuluka kwa ana. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, sukulu zathu zinadzaza kotheratu, koma dzenje la zinyalala linatsala limodzi lomwe lija. Chachiwiri ndi mtundu wa zinyalala. Msewu waukulu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mponela ndi Kasungu umadutsa pakati pathu, ndipo pafupifupi chilichonse chogulidwa m'mbali mwake chimabwera m'jumbo kapena m'botolo la pulasitiki. Pulasitiki saola. Mbuzi kapena ng'ombe ikammeza amakakhala m'chifu, chiweto nkumaonda ngakhale chikudya, mwina mpaka kufa. Akakwiririka m'munda amatchinga madzi ndi mizu. Akaotchedwa utsi wake umapweteka m'chifuwa.

Boma linaika lamulo loletsa majumbo opyapyala m'chaka cha 2015. Opanga majumbowo anakadandaula ku bwalo la milandu, koma m'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo likhale. Komabe inu mukudziwa kuti lamulo silitola jumbo limene lakodwa pa minga kuseri kwa Sitandade 3. Limafuna dzanja la munthu.

Palinso za matenda. Ntchentche imaikira mazira pa zinthu zoola zosakwirira, ndipo nyengo yotentha pamangopita sabata imodzi kapena masiku 10 kuti dzira lisanduke ntchentche ina. Chitini kapena tayala losunga madzi a mvula limaswetsa udzudzu. Ndipo pamene zimbudzi zili zochepa, ana aang'ono amathandizira m'thengo la pafupi ndi dzala, pakuti ndi kumene kulibe maso a anthu. Mvula ikabwera, zonsezo zimatsikira ku chitsime ndi ku dambo. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu Malichi 2022, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndi kuchititsa kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ana amene mumawaphunzitsa Lamulungu ndi omwewo amene amadyera mango ao pafupi ndi dzalalo Lolemba.

CHIFUKWA CHAKE ANA AMATHAWA DZALA

Tisanakonze malo, tiyenera kukonza maganizo, poyamba athu. Kodi mwana amapita liti ku dzala? Amapitako akachedwa, akachita phokoso, kapena akapanda kulemba ntchito. Kukumba dzenje la zinyalala ndi chibalo chimene ambiri a ife tinachigwirapo, ndipo ena a ife tinachiperekapo. Potero, mosadziwa, taphunzitsa ana kuti kusamala zinyalala ndi ntchito ya olakwa. Ndipo mukayang'anitsitsa mudzaona kuti amene amachedwa kawirikawiri ndi mwana wochokera kutali, kapena wamasiye amene amayamba watunga madzi ndi kutsuka mbale za eni nyumba. Motero dzala lasanduka malo a mwana wosauka, anzake akumseka pa zenera.

Mwana wotere akadzakula sadzafuna kugwira chinyalala, pakuti adzati nthawi yake ya chibalo inatha. Adzataya botolo pa zenera la minibasi, nadzati atola ena. M'mera mpoyamba. Ngati tifuna anthu akulu osamala mudzi wao, tiyenera kuchotsa manyazi pa ntchitoyi ana akali m'manja mwathu.

Chifukwa china nchakuti malowo amaopsa. Ali kutali, m'udzu wautali mmene mungakhale njoka, mopanda njira, monunkha, modzaza magalasi osweka, ndipo ana ambiri alibe nsapato. Mwana amene aima patali ndi kuponya si waulesi ai, akudziteteza. Konzani malowo akhale osaopsa ndi okoma m'maso, mudzaona kuti mwana yemweyo afika pafupi.

KAKONZEDWE KA MALO

Musayambe kukumba musanapemphe. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi mkulu wa mpingo mmodzi, ndipo mupite ngati odzathandiza, osati ngati odzadzudzula. Mudziwitsenso komiti ya sukulu ndi amfumu. Pa sukulu pamaphunzira ana a mipingo yonse, ndipo kuno abale athu Achikatolika ali ambiri. Ngati aphunzitsi a ana a mipingo ina afuna kugwira nafe, alandireni ndi manja awiri. Mutu umodzi susenza denga.

Mukaloledwa, tsatani izi:

(a) Malo ake. Akhale kumunsi kwa mjigo kapena chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Mphepo ya mwera imachokera kum'mwera chakum'mawa, motero sankhani mbali imene mphepoyo idzakankhira fungo kutali ndi makalasi. Koma musawabise. Malo amene mphunzitsi angathe kuwaona ataima pa khonde amakhala aukhondo kuposa obisika m'thengo.

(b) Njira. Lambulani njira yotakata yoti ana awiri angayende mogundana mapewa atanyamula dengu. M'mbali mwake ikani miyala, ndipo ngati pali laimu ipakeni. Tchetchani udzu wonse wozungulira.

(c) Mpanda ndi chipata. Mangani mpanda wofika m'chiuno ndi bango, nsungwi kapena mapesi, wotchinga mphepo ndi mbuzi. Musadzale nkhadze, pakuti utomoni wake umapweteka maso a ana. Ikani chitseko chotsekeka bwino monga anachitira Malikiya, ndipo ana okha asankhe dzina loti lilembedwe pa thabwa pamwamba pake.

(d) Zigawo zinayi m'kati mwake. Chigawo choyamba ndi cha zoola: makoko a nthochi, a nzimbe ndi a mtedza, zitsononkho, masamba osesa ndi phulusa. Kumbani maenje awiri ogundizana, lililonse lakuya ngati mita imodzi, kuti lina likadzaza lizipsa pamene mukuthira m'linzake. Chachiwiri ndi cha mapepala, m'madengu okhala pansi pa kadenga ka udzu kuti asanyowe. Chachitatu ndi cha majumbo, mabotolo ndi zitini, m'matumba akale a feteleza omangirira pa mitengo. Mabotolo ndi zitini zikhale chozondoka kuti zisasunge madzi. Chachinayi ndi cha zoopsa: magalasi, malezala, mabatire ndi singano. Dzenje lake likhale lakuya ndi lopapatiza, lophimbidwa ndi mitengo ndi dothi, lokhala ndi kabowo kovundikira. Mmenemo aziponyamo ndi aphunzitsi okha.

(e) Zizindikiro. Ana a Sitandade 1 ndi 2 sadziwa kuwerenga. Pa chigawo chilichonse jambulani chithunzi ndi makala kapena penti, kapena khomanipo chinthu chenicheni, monga botolo pa mtengo wa mabotolo.

(f) Posamba m'manja. Pa chipata pangani mpondagiya: kachigubu kolendewera pa mtanda, komangidwa chingwe ku kamtengo kopondapo ndi phazi, kuti madzi atsike munthu wosagwira chigubucho. Pambali pake pakhale sopo womangirira, kapena kachitini ka phulusa. Pamene madziwo akugwera thirani timiyala, ndipo kumunsi kwake dzalani nthochi imodzi izimwa madzi otayikawo.

(g) Zokometsera. M'mbali mwa mpanda dzalani mapapaya, ndipo maungu ayange pa mpandapo. Ngati malowo ali otsetsereka, monga alili malo ambiri a kumapiri kuno, dzalani mzere wa udzu wa vetiva kumunsi kwake kuti madzi asakokolole dothi. Funsani amai a Chigwirizano akupatseni timitengo ta maluwa a pa makomo pao. Pomaliza ikani chipika chokhalapo pa mthunzi. Pamene pali pokhala, anthu amapaona ngati pa khomo, ndipo munthu saipitsa pa khomo pake.

Mwaona kuti pa zonsezi palibe chofuna ndalama zambiri. Musatenge kanthu pa chopereka cha ana bwalo la mpingo lisanavomereze.

ZOTOLEDWAZO ZIPITA KUTI?

Kusankhula zinyalala popanda kudziwa kumene zidzapite ndi kunamiza ana. Akadzaona kuti madzulo zonse mwaziphatikiza ndi kuziotcha, sadzakukhulupiriraninso.

Zoola zisanduke manyowa. Pansi pa dzenje yalani mapesi odula, pamwamba pake masamba aawisi ndi makoko, kenaka ndowe kapena zitosi, kenaka phulusa pang'ono ndi dothi, nkuwaza madzi. Bwerezani motero kufikira litadzaza, ndipo nthawi zonse pamwamba pazikhala dothi kuti ntchentche zisapeze potera. Zikani ndodo pakati. Pakapita masiku ochepa muizule, ana aigwire. Ikakhala yofunda ndiye kuti manyowa akupsa, ikakhala yozizira ndi youma onjezani madzi. Tembenuzani pakatha mwezi. Pa miyezi iwiri kapena itatu adzakhala akuda ndi onunkhira ngati dothi la m'nkhalango ya Ntchisi. Mukayamba anthu atangokolola, adzakhala atapsa mvula isanagwe, ndipo mudzadzalira mitengo m'nyengo yodzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Kumbutsani ana za wosamala munda wa pa Luka 13:6-9, amene anapempha chaka chimodzi kuti akumbire mkuyu wosabala ndi kuuthira manyowa.

Mapepala anyikeni m'madzi masiku awiri kapena atatu, muwasinje, muwaumbe ngati zibumi zazing'ono ndi kuwayanika. Akauma amayaka pa mbaula, ndipo nkhuni zimapulumuka. Zitini ndi mabotolo odula pakati ndi abwino kufeseramo mbeu za mitengo mukaboola pansi. Za majumbo anyamata sasowa kuwaphunzitsa, pakuti mpira wachikulunga amaudziwa kale. Zitsulo sungani, ogula amadutsa.

Koma tinene zoona: padzatsalabe pulasitiki wina wopanda ntchito. Ameneyo musamuotche ana ali pafupi, ndipo musamuike m'manyowa. Mkwirireni m'dzenje lake lake. Mankhwala ake enieni ndi kuchepetsa wobwera naye. Limbikitsani ana kuti akatumidwa ku msika azinyamula dengu kapena kathumba ka nsalu.

KAPHUNZITSIDWE M'KALASI

Mutatha kupemphera, khuthulani dengu lanu la zinyalala pa mphasa pamaso pa ana, osanena kanthu. Ena adzaseka, ena adzatseka mphuno. Afunseni kuti, "Ana inu, zimenezi ndazitenga kuti?" Akayankha, funsaninso kuti, "Nanga ndani ayenera kuzitola?" Mverani bwino mayankho ao, pakuti mudzamva zimene takamba pamwambazi zikutuluka m'kamwa mwao.

Kwa ana aang'ono, simbani nkhani ya mitanga 12 yokha. Muwalole achite sewero: ena akhale khamu, ena ophunzira otola makombo. Pambuyo pake ikani madengu anayi aja, ndipo mwana aliyense atchule dengu loyenera chinthu chimene mwanyamula m'mwamba.

Kwa ana okulirapo, werengani Nehemiya 3 mogawana mavesi. Jambulani linga pa bolodi kapena pa dothi, ndi zipata zake. Afunseni chipata chimene aliyense akanasankha. Ambiri adzathawa cha Kudzala. Pamenepo auzeni amene anali Malikiya, ndipo muyerekeze iye ndi akuluakulu a ku Tekowa. Onse awiri maina ao kapena mbiri yao ili m'mutu umodzi womwewo, koma wina akumbukika ndi ntchito, enawo ndi kukana.

Musatsirize musanafike pa Ambuye Yesu. Ahebri 13:11-13 akutikumbutsa kuti matupi a nyama za nsembe ankaotchedwa kunja kwa chigono, ndi kuti Yesu nayenso anamva zowawa kunja kwa chipata, kumalo a anthu otayidwa, kuti atiyeretse ndi mwazi wake. Masalmo 113:7 akutiuza kuti Mulungu amakweza waumphawi kumchotsa ku dzala. M'kalasi mwanu mungakhale mwana amene kwao amamuuza kuti ndi wopanda pake. Muyang'aneni m'maso pamene mukunena kuti kwa Mulungu kulibe munthu wotayika ngati chinyalala.

Pomaliza onse asambe m'manja, kuyambira inu.

ZOCHENJERA NAZO

1. Ntchito ya makasu isachitike tsiku la Sabata. Panganani Loweruka m'mawa, ndipo makolo adziwitsidwe m'zolengeza za mu tchalitchi.

2. Musaphunzitse kuti ukhondo ndiwo chipulumutso. Ambuye anadzudzula Afarisi otsuka kunja kwa chikho m'kati muli zoipa, monga tiwerenga pa Mateyu 23:25-26. Timasamala malo chifukwa tinapulumutsidwa ndipo tikuthokoza, osati kuti tigule chipulumutso.

3. Musaloze mwana wa zovala zakuda kapena zong'ambika ngati chitsanzo cha uve. Mwina kwao sopo kulibe.

4. Maenje akumbe ndi akulu ndi achinyamata. Ana aang'ono atute miyala yaing'ono, adzale maluwa ndi kuthirira. Dzala lakale muliyeretse ndi mafosholo, osati ndi manja, ndipo mwana wopanda nsapato asapondepo.

5. Lembani ndandanda ya osamala malowo sabata ndi sabata. Mulowe anyamata ndi atsikana mofanana, mwana wa abusa, wa amfumu ndi wa mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi anzao. Dzina loyamba pa ndandandapo likhale lanu.

6. Pemphani aphunzitsi a sukulu, mwaulemu, kuti malo amenewa asakhalenso a chibalo. Ichi ndicho chovuta koposa, ndipo mwina sadzavomera tsiku loyamba. Musakwiye. Bwereraninso malowo atakongola, pamene ana ayamba kulimbirana kuthirira mapapaya.

Ntchito ikatha, Lamulungu lotsatira tulukani ndi ana m'kalasi, muyende pa mzere m'njira yatsopano ija mukuyimba nyimbo yoyamika imene iwo amaidziwa, kufikira pa chipata. Pamenepo werengani Nehemiya 12:31 ndi 43, ndi kupemphera.

MAFUNSO

1. Kodi Malikiya anali ndani, ndipo anakonza chipata chiti?
2. Akuluakulu a ku Tekowa analakwa chiyani?
3. Ndani ankanyamula phulusa la pa guwa la nsembe, ndipo ankalitaya pa malo otani?
4. Chifukwa chiyani Yesu analamula kutola makombo, chikhalirecho akanatha kupanga mkate wina?
5. Tchulani zinthu zitatu zimene zimaola ndi zitatu zimene siziola.
6. Kodi pa sukulu panu ndani amatumidwa ku dzala? Kodi nkoyenera kutero?

Kwa mphunzitsi yekha: Kodi ndinapatsapo mwana ntchito ya zinyalala pofuna kumchititsa manyazi? Ngati mwanayo akali m'kalasi mwanga, ndidzamuuza chiyani?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Mwana aliyense akafunse agogo kapena munthu wamkulu wa kwao zimene zinkamera pa dzala kale, ndipo adzasimbe sabata yamawa. Loweruka abwere ndi mwala umodzi wa m'mbali mwa njira, ndi kamtengo ka duwa kapena njere za papaya.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, dziko ndi zonse zili m'menemo ndi zanu. Tikhululukireni pakuti taipitsa malo amene munatibwereka, ndipo tanyoza iwo amene amatola zimene ife tataya. Tipatseni mtima wa Malikiya, wosasankha chipata. Tetezani ana a sukulu yathu ku matenda, ndipo mwana amene amadziona ngati wotayidwa adziwe kuti Inu munamtola. Dalitsani manja athu Loweruka likudzali. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, amene anatifera kunja kwa chipata. Amen.